Kalata Yocokera m'Ndende: Kudalira Mulungu pa Nthawi ya Nkhawa

Ana inu, pamodzi ndi aphunzitsi anu, nkhani yathu ya lero iri pa cinthu cimene cimafika kwa munthu aliyense, mwana ndi wamkulu yemwe, wosauka ndi wolemera yemwe. Cinthuco ndico nkhawa. Wina mwa inu ali kuda nkhawa cifukwa mayeso ayandikira. Wina amai ake ali gone m'cipatala. Wina anamva makolo ake ali kunong'onezana usiku kuti ufa watsala pang'ono ndipo ndalama m'nyumba mulibe. Ambiri a inu mukumbukira caka ca 2024, pamene masukulu anacedwa kutsegulidwa cifukwa ca matenda a kolera, cimanga cinapserera ndi dzuwa m'minda, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Masiku amenewo akuluakulu anali ndi nkhope zakugwa, ndipo ana anaziona.

Nanga Mkristu acite ciani mtima wake ukalemedwa motero? Kuuza mnzako kuti aleke kudandaula nkwapafupi, koma mau otere sacotsa kanthu akacokera kwa munthu wokhuta ndi wogona pabwino. Cifukwa cake lero tifunsa munthu amene analemba za nkhawa ali womangidwa ndi unyolo, osadziwa ngati adzakhala ndi moyo kapena adzaphedwa. Munthuyo ndiye mtumwi Paulo, ndipo kalata yake kwa Afilipi muipeza m'Cipangano Catsopano. Ndi kalata yaifupi, ya mitu 4 yokha, mwakuti mungathe kuiwerenga yonse pa nthawi ya phunziro limodzi.

Nkhawa n'ciani?

Tisanatsegule kalatayo, tiyeni tidziwe poyamba cimene cimacitika m'thupi mwathu. Mukakumana ndi njoka pa njira ya ku sukulu, mtima umagunda msangamsanga, mpweya umathamanga, m'kamwa mumauma. Pamwamba pa impso zanu pali tiziwalo tiwiri timene pa nthawi yotere timatulutsira m'magazi mankhwala ochedwa adrenaline. Mankhwalawo amakonzekeretsa thupi kuthawa kapena kudziteteza: magazi ambiri amapita ku minofu ya miyendo ndi ya manja, ndipo nchito yogaya cakudya m'mimba imayamba yaima. Awa ndiwo mantha, ndipo ndi mphatso yabwino, pakuti amapulumutsa moyo. Njoka ikalowa m'thengo, mtima umakhalanso pansi.

Nkhawa isiyana ndi mantha pa cinthu cimodzi. Njoka ya nkhawa iri m'maganizo, ndipo kawirikawiri ndi ya mawa kapena ya mwezi wa mawa. Koma thupi silidziwa kusiyanitsa njoka ya pa njira ndi njoka ya m'maganizo, cotero limakhala ciriri usana ndi usiku, lokonzekera kuthawa cinthu cimene sicinafike. Ndico cifukwa cake munthu wa nkhawa amasowa tulo, mutu umamuwawa, m'mimba mumapota, cakudya sicimukomera, ndipo zimene anawerenga dzulo amaziiwala lero. Mukaona zizindikiro izi mwa inu kapena mwa mnzanu, musafulumire kunena kuti ndi ulesi, kapena kuti walodzedwa, kapena kuti alibe cikhulupiriro. Ndi thupi limene latopa ndi kudikira.

Mzinda wa Filipi

Tsopano tipite kutali, kwa anthu amene analandira kalata ija. Filipi unali mzinda wa m'dziko la Makedoniya, kumpoto kwa dziko limene lero lichedwa Greece. Dzina lake linacokera kwa mfumu Philip, atate wake wa Alexander Wamkulu, imene inatenga malowo m'caka ca 356 B.C. M'caka ca 42 B.C. pafupi ndi mzindawo panacitika nkhondo yaikulu ya Aroma okhaokha, ndipo amene anapambana anapatsa asilikali ao opuma nchito minda kumeneko. Kuyambira pamenepo anthu a ku Filipi ananyadira kukhala ngati Roma wamng'ono, ndi malamulo a Ciroma ndi cinenero ca Cilatini. Pakati pa mzindawo panapita mseu waukulu wochedwa Via Egnatia, ndipo doko lake, limene Baibulo licha Neapoli koma lero ndi Kavala, linali pa mtunda wa makilomita ngati 15. Mabwinja a Filipi alipo mpaka lero, ndipo m'caka ca 2016 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi. Sungani m'mutu nkhani ya asilikali ija, pakuti tidzaifuna kutsogoloku.

Paulo anafika ku Filipi ca m'ma 50 A.D., ali ndi Sila ndi Timoteo. Buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 16, lisimba kuti pa Sabata anaturuka kunja kwa cipata napita kumtsinje, kumene anapeza akazi atasonkhana kuti apemphere. Mmodzi wa iwo anali Lidiya, wa ku Tiyatira, wogulitsa nsalu zofiirira za mtengo wapatali. Iyeyu anakhulupirira, nabatizidwa, nawalandira alendowo m'nyumba mwake. Koma pasanapite nthawi, Paulo anaciritsa mtsikana wina, kapolo, amene ambuye ake anali kupeza naye ndalama mwa kubwebweta ndi kulosera. Eni akewo ataona kuti phindu lao latha, anakokera Paulo ndi Sila kwa oweruza. Anawakwapula ndi ndodo, nawaponya m'cipinda ca m'katikati mwa ndende, mapazi ao ali m'matangadza.

Pakati pa usiku amuna awiriwo, misana iri mabala okhaokha, anali kupemphera ndi kuimbira Mulungu, akaidi anzao ali kumvetsera. Kunacita cibvomezi, zitseko zinatseguka, koma palibe amene anathawa. Woyang'anira ndende anawatsuka mabala usiku womwewo, ndipo iye ndi a m'banja lake anabatizidwa. Umu ndi mmene mpingo wa ku Filipi unayambira. Anthu ake anamudziwa Paulo ndi maso ao, anaona mikwingwirima yake, ndipo mbiri ya nyimbo za usiku uja inali yodziwika pakati pao.

Nkhawa mbali zonse

Patapita zaka ngati 10, Paulo anali m'ndende kachiwiri ndi kacitatu komwe, pakuti kumangidwa sikunali kwacilendo kwa iye. Akatswiri ambiri a Baibulo ati kalata kwa Afilipi inalembedwa ku Roma, pakati pa 60 ndi 62 A.D. Kumeneko Paulo anakhala zaka 2 m'nyumba yolipira yekha, msilikali ali kumulondera, podikira kuti mlandu wake ukamveke kwa Kaisara, amene pa nthawiyo anali Nero. M'kalatamo anena poyera kuti mlanduwo ungathere pa moyo kapena pa imfa. Anenanso kuti ena anali kulalikira Kristu cifukwa ca kaduka, pofuna kumuonjezera zowawa.

Masiku amenewo wandende anali kudalira abale ndi abwenzi pa cakudya ndi zobvala. Cotero Afilipi anasonkha mphatso natuma mmodzi wa iwo, Epafrodito, kuti akapereke. Ulendo wocoka ku Filipi kufika ku Roma unali wa masabata angapo, pamtunda ndi panyanja pomwe. Epafrodito anadwala mpaka kutsala pang'ono kufa. Mbiri ya kudwala kwake inafika kwao, ndipo abale anada nkhawa. Iyenso atamva kuti kwao amva, mtima wake unabvutika cifukwa ca iwo. Paulo naye abvomereza kuti mnzakeyo akadamwalira, cisoni cake cikadawirikiza. Kuonjezera apo, Akristu a ku Filipi anali ndi adani owaopseza, ndipo akazi awiri a mumpingomo, Euodiya ndi Suntuke, amene kale anagwira nchito pamodzi ndi Paulo, anali osamvana.

Muona tsono kuti kalata iyi inayenda pakati pa anthu a nkhawa okhaokha: wolemba anali kudikira ciweruzo, wonyamula anali atangodzuka pa mphasa, ndipo olandira anali ndi mabvuto kunja ndi m'kati momwe. Komatu ndi m'kalata yomweyi mmene Paulo achula za cimwemwe kawirikawiri, ndipo m'mutu 4 alangiza abale ake kuti asalole nkhawa kuwalamulira pa cinthu ciriconse.

Liu limodzi, nchito ziwiri

Kodi Paulo ali kutiuza kuti tileke kusamala, tingokhala manja lende? Ai ndithu. Kalatayi inalembedwa m'Cigiriki, ndipo liu limene Paulo agwiritsa nchito m'mutu 4 poletsa nkhawa ndilo merimnao. Liu lomweli liri m'mutu 2, pamene ayamikira Timoteo kuti ndi munthu wosamaladi za Afilipi. Pena liu ili ndi loyamikirira, pena ndi loletsera. Tanthauzo lake nlakuti kusamala ndi nkhawa zimamera pa muzu umodzi. Mumada nkhawa ndi amai anu odwala cifukwa mumawakonda. Mumaopa mayeso cifukwa mufuna kupitiriza sukulu. Muzuwo ndi wabwino, ndipo Mulungu safuna kuuzula.

Nanga tisiyanitse bwanji? Dzifunseni funso ili: kodi pali cimene ndingacite lero pa nkhani imeneyi? Taonani mlimi. Kusosa, kulima mizere, kubzala pa nthawi yake, kupalira ndi kuthira manyowa, zonsezi ziri m'manja mwake. Koma mvula siiri m'manja mwake. Mlimi wosamala amadzuka m'mamawa natenga khasu. Mlimi wa nkhawa amacezera usiku wonse kuwerenga mitambo ya m'mutu mwake, ndipo kukaca alibe mphamvu yogwirira khasulo. Cimodzimodzi mwana wa sukulu: kuwerenga, kufunsa mphunzitsi pamene sunamve, ndi kugona pa nthawi yake ndi mbali yako. Mafunso amene adzabwera pa pepala la mayeso sali mbali yako.

Nkhawa ifanana ndi kusinja mumtondo mopanda cimanga. Thukuta limakamuka, manja amacita matuza, anansi amamva kugunda kwa munsi, koma ufa suoneka. Ambuye Yesu, pa ciphunzitso cao ca pa phiri cimene ciri pa Mateyu mutu 6, analoza mbalame zimene ziribe nkhokwe koma Mulungu amazidyetsa, nakumbutsa omvera kuti nkhawa siingatalikitse moyo wa munthu. Mukaziyang'anitsitsa mbalamezo mudzaona kuti sizikhala m'cisa kudikira. Mbandakuca ziri kale pa nchito yofuna cakudya ca tsiku limenelo. Za lero zicita, za mawa sizisenza.

Zinthu zitatu zocita nayo nkhawa

Mukacita mbali yanu, pamatsalabe katundu amene simungathe kumusenza. Paulo sananene kuti mumubise kapena muyese ngati palibe. Anapereka njira, ndipo tingaigawe patatu.

Coyamba, ichuleni nkhawayo pamaso pa Mulungu ndi dzina lake. Nkhawa yosachulidwa iri ngati cinthu cokwasula m'denga usiku: pokhala simucidziwa, mumayesa ndi njoka, pomwe mwina ndi khoswe. Pemphero lisakhale la mau ozungulira. Nenani monga mwana anena kwa atate wake: “Atate, ndiopa masamu.” “Atate, agogo adwala ndipo sindidziwa ngati adzacira.” Mulungu adziwa kale, koma inu mukachula mumaona kukula kwake kwenikweni kwa cinthuco, ndipo mumaleka kukhala naco nokha.

Caciwiri, pemphani cimene mufuna. Ena amayesa kuti Mulungu ndi wa zinthu zazikulu zokha, monga nkhondo ndi cilala, ndipo kuti nkhani ya yunifomu yong'ambika kapena ya mnzanu amene wakusalani ingamutayitse nthawi. Paulo anati pa zinthu zonse, osasankhula. Cimene cakula mokwanira kukusowetsani tulo cakulanso mokwanira kulowa m'pemphero.

Cacitatu, yamikani. Ici ndico cimene ambiri timaiwala, ndipo poyamba cioneka cacilendo. Munthu ayamike bwanji asanalandire? Yankho nlakuti nkhawa imatseka maso kuti tisaone zakale. Imatiuza kuti bvuto la lero ndilo loyamba ndi lotsiriza. Kuyamika kumatsegula maso: malungo a caka catha munacira, njala ija munaipyola, mawerengedwe amene anakukanikani m'giredi 2 lero muwadziwa. Paulo mwini anayamba kalata yake ndi kuyamika Mulungu cifukwa ca Afilipi, naitsiriza ndi kuthokoza mphatso yao, ngakhale unyolo unali ukadali pa dzanja. Munthu wokumbukira mitsinje imene anaoloka kale safika pa mtsinje watsopano ali wofooka mawondo.

Mlonda pa khomo

Kodi Paulo analonjeza ciani kwa amene acita zimenezi? Cherani khutu bwino apa. Sanalonjeze kuti ciriconse cimene apempha adzalandira monga momwe afunira. Analonjeza mtendere wocokera kwa Mulungu, umene nzeru za munthu sizingathe kuufotokoza, ndipo anati mtenderewo udzalondera mitima ndi maganizo ao. Liu la Cigiriki limene anasankha ndi la asilikali olondera mzinda. Kumbukirani kuti Filipi unali mzinda wa mabanja a asilikali, ndi kuti wolembayo anali ndi msilikali pambali pake tsiku ndi tsiku. Onse anadziwa bwino nchito ya mlonda.

Mlonda sathetsa akuba m'dziko. Nchito yake ndi kuima pa khomo kuti asalowe m'nyumba. Momwemonso mtendere wa Mulungu: matenda angakhale alipobe, mayeso sanacotsedwe, nkhokwe ikadali yopepuka, koma mabvutowo saloledwa kulowa ndi kukhala pa mpando wa mwini nyumba mumtima mwanu.

Paulo anaonjezanso malangizo awiri othandiza mlondayo. Loyamba ndi la maganizo: anawauza kuti adzaze mitima yao ndi zinthu zoona, zolungama, zoyera ndi zokoma. Munda wosabzalidwa sukhala wopanda kanthu, umamera udzu. Mukacotsa ganizo la nkhawa osaikapo lina, lidzabweranso usiku womwewo. Cotero cenjerani ndi mphekesera zoopseza, kaya za pa citsime kaya za pa foni, ndipo funsani poyamba ngati ziri zoona. Laciwiri ndi la manja: anawauza kuti azicita zimene anaphunzira ndi kuona kwa iye. Mukatha kupemphera, nyamukani. Tungani madzi a wodwala, tsegulani buku, pitani mukapepese kwa mnzanu amene munayambana naye.

Nanga bvuto likapanda kucoka?

Apa tiyenera kunena zoona, pakuti ana amazindikira msanga akulu akamawanyengerera. Kudalira Mulungu sikutanthauza kuti Mkristu sadzaona zowawa. Paulo yemweyu, m'kalata yaciwiri kwa Akorinto, asimba kuti ku Asiya anapsinjika mpaka kutaya ciyembekezo ca moyo, ndi kuti nkhawa ya mipingo yonse inali kumulemera tsiku ndi tsiku. Asimbanso za bvuto lina m'thupi mwake, limene analiyerekeza ndi munga. Anapempha katatu kuti licoke, koma silinacoke. Cimene analandira ndi cisomo comukwanira kuti apirire. Ambuye Yesu m'munda wa Getsemane anagwidwa ndi cisoni cacikulu, napempha kuti ngati nkotheka zowawazo ziwapitirire, koma anadzipereka ku cifuniro ca Atate, ndipo mtanda sunacoke. Za Paulo, mbiri ya mpingo wakale isimba kuti potsiriza anaphedwa ku Roma m'masiku a Nero, amene ufumu wake unatha m'caka ca 68 A.D.

Tsono cikhulupiriro cake cinatsamira pa ciani? Yankho liri m'mutu 2 wa kalata yathu, pamene akumbutsa Afilipi za Yesu amene anadzicepetsa kufikira imfa ya pa mtanda, ndipo Mulungu anamukweza. Paulo anaona kuti Mulungu amene sanasiye Mwana wake m'manda sangasiye ana ake pakati pa njira. Sanadziwe mmene mlandu wake udzathere, koma anadziwa m'manja mwa yani mmene iye anali. Mwana wamng'ono akamayenda usiku ndi atate wake sadziwa njira, ndipo mdima sucepa cifukwa atate alipo. Cimene cimamulimbitsa ndi dzanja limene wagwira.

Onaninso kuti Paulo anena kuti kukhutira ndi zimene ali nazo, pokhuta ndi pa njala pomwe, anacita kuphunzira. Cinthu cophunzira cimatenga nthawi. Simunadziwe kuwerenga tsiku limodzi, ndipo kudalira Mulungu nakonso simudzakudziwa tsiku limodzi. Mukapemphera madzulo nkhawa nkubweranso m'mawa, musadziweruze kuti mwalephera. Ibwezeninso kwa Mulungu, lero, mawa ndi mkuja. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Musasenze nokha

Pali cinthu cina cimene kalatayi itiphunzitsa popanda kucinena. Pamene Paulo anasowa, Mulungu sanagwetse cakudya kucokera kumwamba. Anatuma Epafrodito ndi mphatso ya abale. Pamene Euodiya ndi Suntuke anasemphana, Paulo anapempha mnzake wina wokhulupirika kuti awathandize kumvana. Ngakhale Ambuye Yesu ku Getsemane anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane kuti akhale nao pafupi. Kawirikawiri yankho la pemphero limabwera ndi miyendo ya munthu. Mutu umodzi susenza denga.

Cifukwa cake, mwana iwe, ukauza Mulungu nkhawa yako, uuzenso munthu wamkulu amene umkhulupirira: kholo, agogo, mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo. Makamaka ngati pali wina amene amakumenya, kukuopseza kapena kukugwira mosayenera, usakhale cete poyesa kuti kupirira mwakacetecete ndiko kudalira Mulungu. Ulula. Woyamba akapanda kukumvera, uza waciwiri. M'Zambia muno mulinso nambala ya foni yaulere yothandiza ana, 116. Ndipo ngati nkhawa yakhala masabata ambiri, munthu osagona, osadya, osafuna kuceza ndi anzake, apite naye kucipatala. Kupemphera ndi kupita kucipatala sizilimbana, monga momwe kupempherera mvula sikulimbana ndi kulima.

Iwenso ungakhale Epafrodito wa mnzako. Ukaona wina wakhala yekha pa nthawi yopuma, mfikire. Mgawire mbatata yako, mthandize samu imene yamukanika, kapena ungokhala naye. Nzodabwitsa kuti munthu akayamba kusamala za mnzake, katundu wake womwe amapepukako.

Mau kwa aphunzitsi

Mwana wa nkhawa sanena kawirikawiri kuti ali ndi nkhawa. Mudzamuzindikira ndi zina: amene anali wocangamuka wayamba kusinza, wa ukhondo wayamba kuiwala mabuku, wina adandaula za m'mimba m'mawa uliwonse, wina wayamba ndeu zopanda pake. Musanakweze mau, muitanireni pambali ndi kumufunsa mofatsa za kunyumba. Musamukakamize kuulula za m'banja mwao pamaso pa anzake, ndipo zimene wakuuzani zisakhale nkhani ya m'cipinda ca aphunzitsi. Koma akaulula za nkhanza, muuzeni mwacikondi kuti muyenera kudziwitsa oyenera kuti atetezedwe, ndipo citanidi zimenezo.

Pokonzekera mayeso, pewani kuopseza ana ndi mau onena kuti wolephera moyo wake watha. Mantha angamuthamangitse mwana tsiku limodzi, koma akakhalitsa amatseka mutu. Gawani nchito m'zigawo zazing'ono za tsiku ndi tsiku, kuti mwana aone kuti ya lero angaithe. Musauze mwana kuti nkhawa yake ndi chimo kapena kuti ndi umboni wa kucepa kwa cikhulupiriro. Mau otere amaika mwala wina pa katundu wolemera kale. Kumbukiraninso kuti m'kalasi mungakhale ana a zipembedzo zina. Afotokozereni mwaulemu kuti ici ndico ciphunzitso ca Akristu, ndipo aloleni anene mmene kwao amathandizirana pa mabvuto.

Inunso aphunzitsi muli ndi zanu: malipiro osafika kumapeto a mwezi, kalasi lodzaza, odwala kunyumba. Kalata iyi inalembedwa kwa akuluakulu poyamba. Ana adzaphunzira zambiri poona mmene musenzera katundu wanu kuposa pomva mau anu, monga Afilipi anakhulupirira malangizo a Paulo cifukwa anadziwa za usiku uja wa m'ndende.

Zocita pambuyo pa phunziro

Pa mapu a dziko lapansi, ana apeze Greece ndi Italy, ndipo alondole ndi cala ulendo wa Epafrodito kucoka ku Filipi, kuoloka nyanja ya Adriatic, kufika ku Roma.

Lembani mzere pakati pa bolodi. Mbali imodzi lembani “Zimene ndingacite lero”, mbali inayo “Zimene ndisiya m'manja mwa Mulungu”. Tengani citsanzo ca mayeso kapena ca munda, ndipo ana achule zoyenera mbali iriyonse. Pambuyo pake mwana aliyense acite cimodzimodzi m'buku lake ndi nkhawa yake ya iye mwini, popanda kukakamizidwa kuonetsa.

Kwa sabata imodzi, mwana aliyense alembe madzulo alionse zinthu 3 zimene ayamikira Mulungu pa tsikulo.

Mafunso

1. Kodi mantha asiyana bwanji ndi nkhawa? Chulani zizindikiro 3 za nkhawa m'thupi.
2. Kodi Paulo anali kuti pamene analemba kalata kwa Afilipi, ndipo anali kudikira ciani?
3. Cifukwa ciani Epafrodito anabvutika mtima ngakhale anali atacira?
4. Ndi funso liti limene lingakuthandizeni kusiyanitsa kusamala ndi nkhawa?
5. Fotokozani m'mau anuanu cifukwa cake mtendere wa Mulungu uyerekezedwa ndi mlonda.
6. Chulani anthu 2 amene mungawauze nkhawa yanu, ndi cinthu cimodzi cimene mungacitire mnzanu wa nkhawa sabata ino.